Mzere Woyamba m'Chigwembe

Mwamuna wanga Severin ndi munthu wanzeru kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Amakonza magetsi m'nyumba za anthu m'chigwa chathu muno ku Tirol, ndipo sagwira waya asanayese kawiri ngati muli moto. Koma likakwana Lamulungu la nyengo ya chipale, nzeru zonsezo amazipachika pamsomali pamodzi ndi ovololo yake, n'kusenza matabwa otsetserekera kukatsatira Kajetan kuphiri.

Kajetan ameneyu ali ndi nyumba ya alendo moyang'anizana ndi tchalitchi. Ali mnyamata anapitako kumpikisano waukulu wotsetsereka pachipale. Sanapambane, koma chithunzi cha tsikulo chikadali pakhoma, pamwamba pa tebulo la pakona, ndipo amachipukuta kuposa mmene amapukutira matambula a alendo. Patebulo limenelo sipakhala aliyense. Pamakhala okhawo amene Kajetan wawakodola: Veit wa kubutchala, Gidi woyendetsa basi, ndi ena angapo amene amaseka nthabwala isanathe. Severin anadikira zaka zambiri kuti akodoledwe. Babu la m'khitchini mwathu limatha kukhala lakupsa mwezi wathunthu, koma kwa Kajetan kukangothima kagetsi ka kuchimbudzi, mwamuna wanga amasiya supuni m'mbale n'kuthamanga. Tsiku lomwe anakhala koyamba patebulopo anabwera kunyumba mano onse ali pamtunda, ndipo ine ndinadziwa kuti kuyambira pamenepo m'banja mwathu tili atatu.

Amuna a patebulopo ali ndi mwambo wawo. Chipale chachikulu chikagwa, mizere yoyamba yosiyidwa ndi matabwa m'chigwembe cha Gamsrinne iyenera kukhala yawo, asanafike alendo a kumzinda wa Munich ndi magalimoto awo. Chigwembecho chimaoneka bwino munthu akaima pakhomo pa tchalitchi, ndiye cholinga n'chakuti anthu akamatuluka ku Misa yachiwiri aziloza kumtunda kuti a Kajetan adutsa kale. Palibenso chifukwa china. Ndachifufuza kwa zaka, sindinachipeze.

Sabata ina chipale chinagwa usana ndi usiku, kenako kunabwera mphepo n'kuchisesa m'mitunda kukachiunjika m'zigwembe. Pansi pake panali chakale, chouma, choterera. Ngakhale mwana wa sukulu kwathu kuno amadziwa kuti chipale chotere ndi bulangete loyalidwa pagalasi, limangodikira wolipondapo kuti ligumuke. Pawailesi anachenjeza, pafoni anachenjeza. Loweruka pa chakudya chamadzulo ndinauza Severin kuti mawa akhale pakhomo, ndipo ndinanena mosapita m'mbali kuti sindikufuna Kajetan adzandibweretsere mwamuna wanga ali m'thumba la mitembo. Iye anapitiriza kudula buledi, n'kundiyankha kuti a Kajetan chigwembecho amachidziwa ngati khitchini yawo, kuti ochenjezawo amakhala m'maofesi otentha kutauni, kuti phiri salionera pakompyuta. Mawu onsewo ndinawazindikira mwini wake. Ngakhale kakhosomolo ka pakati pake sikanali ka Severin.

Ndinati ngati zili choncho ndipita nawo. Sindinkafuna mzere wanga paphiri ayi. Ndinakulira pamatabwa amenewa, ndilibe woti ndimuonetse. Ndinkangofuna kuti pakhale fosholo imodzi yofukulira wokwiririka, yogwiridwa ndi munthu amene Severin ndi wake.

M'mawa tinakumana kumapeto kwa msewu, anthu asanu. Kajetan anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kundipatsa moni wa ulemu wochuluka kuposa wofunika. Kenako anachita chinthu chomwe amachikonda kwambiri, kuyesa tiwailesi. Aliyense wokwera mapiri amamangirira pachifuwa kawailesi kakang'ono, ndipo poyenda kamakhala kakuitana mwakachetechete. Wina akakwiririka, otsala onse amatembenuza tawo kuti tileke kuitana tiyambe kumvera, kamuvi ka pagalasi pake n'kumaloza kumene kuli woitanayo. Kajetan amaphunzitsa zimenezi chaka chilichonse m'nyumba yake ya alendo, ophunzirawo akumwa mowa wake. Anatidutsitsa pamaso pake mmodzimmodzi, kanga n'kukayesa kawiri.

Tinamata zikopa zoletsa kubwerera m'mbuyo kunsi kwa matabwa n'kuyamba kukwera, Kajetan patsogolo, Severin pa zidendene zake, ine kumbuyo. M'nkhalango tinakumana ndi banja lina lachinyamata la ku Munich likutsika. Anati afika pothera mitengo, chipale sichinawasangalatse, ndiye abwerera kukadya keke. Kajetan anawafunira keke wabwino, ndipo atangopitirira anati anthu a kutauni amagula zovala za phiri, mtima wa phiri n'kuusiya m'sitolo. Amuna aja anaseka mpaka Gidi kutsamwa. Ine ndinatsala ndikuyang'ana kamtsikana kaja kakutsika pambali pa mwamuna wake, ndipo ndinakachitira nsanje.

Titangotuluka m'mitengo, chipale chinati fuu pansi pa mapazi athu, malo onse n'kutitimira pang'ono, ndipo kamng'alu kanathamanga kuchokera kunsonga ya thabwa la Kajetan mpaka kutali. Phiri likafuna kuchenjeza munthu limachenjeza choncho. Veit anayang'ana Gidi, Gidi anayang'ana Severin, Severin anayang'ana msana wa Kajetan. Msanawo sunanene kanthu, ndiye onse anapitiriza kuyenda.

Ndinati tibwerere.

"Mlamu, ngati miyendo yatopa nenani, si mlandu," anatero Kajetan osatembenuka. "Makiyi a galimoto ndaika pamwamba pa tayala. Mukatenthetse mpando, tikupezani."

Ndinayankha kuti miyendo yanga ili bwinobwino, makutu awo ndi amene atopa.

"Severin, aise, kodi khuzumule ameneyu anakudyetsa liti? Mpaka kukulondola kuphiri kuno ngati mwana woiwala chakudya cha kusukulu?"

Veit ndi Gidi anaseka. Severin nayenso anaseka, kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala ndi bwana wake, n'kundiyang'ana mondipempha kuti nditseke pakamwa. Ndikanatha kubwerera ndekha. Koma munthu amene ndinadzera anali akukwerabe, choncho nanenso ndinakwera.

Pamwamba mphepo inali italeka, dzuwa likuwala. Anatulutsa nyama ya nkhumba yowamba ndi kabotolo ka kachasu wa zipatso, n'kumapatsirana. Chigwembe chinali pansi pathu, chosalala, chotupa, chopanda ngakhale phazi la mbalame. Zaka zonsezi woyamba kutsika amakhala Kajetan, zimenezo sakambirana n'komwe. Koma tsiku limenelo anaima pamphepete nthawi yaitali, kubaya ndodo yake m'chipale, kuizula, kubayanso. Mkulu uja anali ndi mantha, ndipo chimene anachita nawo mantha akewo sindidzamukhululukira.

Anatembenuka, n'kuika dzanja paphewa la mwamuna wanga.

"Severin, wakhala nafe nthawi yaitali. Lero mzere woyamba ndi wako."

Veit anaimba mluzu, Gidi anaomba magolovesi. Severin misozi inalengeza m'maso. Bambo wa imvi m'ndevu, mwana wathu Afra ali ku koleji kale, kulira chifukwa chopatsidwa mwayi woyesa msampha wa mnzake.

"Bambo a Afra," ndinatero, "akukutumani kuti mukaponde, aone ngati chigwira. Musapite."

"Mayi a Afra, chonde. Musandichititse manyazi pagulu."

Anatsitsa magalasi, n'kudzikankha ndi ndodo. Kukhota koyamba kunali kokongola, sindinama. Severin amatsetsereka bwino kuposa onse a patebulo paja, ngakhale palibe amene anamuuzapo. Anakhotanso, bwinobwino. Atangoti akhotenso kunamveka phokoso ngati la thabwa lalikulu likuthyoka, ndipo chigwembe chonse chinang'ambika kuchokera khoma ili mpaka khoma ilo. Chipale chinasweka zibumazibuma n'kuyamba kuyenda naye. Ndinaona jekete lake lofiira likumira, kutumphuka, kumiranso. Kenako kunabuka fumbi loyera, ndipo litatsika kunali zii.

Munthu wokwiririka m'chigumukire amakhala ndi mpweya wa nthawi yomwe munthu amamwera kapu ya khofi mosafulumira. Ikapitirira pamenepo, okumba amakhala akufukula mtembo. Tonse anayi tinkadziwa zimenezi.

Tinatsika kudzera pamene chipale chinachoka, pouma, poterera. Kumunsi chinali chitaunjikana mulu waukulu kuposa bwalo la mpira, zibuma zokhazokha, popanda thabwa kapena ndodo yoonekera. Kajetan anafuula kuti tonse titembenuze tiwailesi, natembenuza kake ife tikuona, n'kukaponya m'thumba la jekete. Anauza Gidi kuti aimbire a helikopita, ndipo iwo anati akubwera koma ali kuchigwa china. Kenako Kajetan anati iye akhala mlonda, aziyang'ana kumtunda kuopa chigumukire chachiwiri. Anakhala pachikwama chake m'mbali mwa muluwo. Ulonda wake unali woyang'ana nsapato zake.

Ine ndinayamba kuyenda uku ndi uku pamuluwo, kawailesi kali m'manja. Zibuma zinkandigwetsa, miyendo ikulowa m'mipata, ndipo kwa nthawi yaitali kanali chete. Kenako kanalira. Kamuvi kanaloza kumunsi, manambala osonyeza mtunda n'kuyamba kuchepa. Ndinathamanga ndikukuwa dzina lake. Ndisanapite patali kamuvi kanagwedera, n'kutembenukira kumanzere. Ka Veit kanachita chimodzimodzi, ka Gidi chimodzimodzi. Tinatsatira tonse atatu, manambala akuchepa, akuchepa, mpaka tinapezeka taima pamaso pa Kajetan.

Veit anati tiwailesi tapenga ndi kuzizira. Tinabwerera pakati pa mulu kukayambiranso, ndipo mivi inatibweretsanso pa mawondo omwewo. Tamvani tsono zimene anachita amuna awiri akuluakulu, okhala pa maphunziro a Kajetan chaka ndi chaka. Anagwirizana kuti ndiye kuti Severin ali pansi pa a Kajetan. Gidi analumikiza ndodo yaitali yofufuzira n'kuyamba kubaya chipale mozungulira nsapato za mkuluyo, mosamala kuti asamuwazire.

"Akulu, tasunthani pang'ono, pepanitu," anatero Veit.

Kajetan anadzuka ngati wochokera kutulo, n'kusuntha ndi chikwama chake. Mivi yonse itatu inamutsatira.

Ndinaona Veit akuyang'ana galasi la kawailesi kake, kuyang'ana Kajetan, kuyang'ananso galasi. Anadziwa. Gidi nayenso anadziwa, chifukwa ndodo yake inaima. Koma pakamwa pawo panali potseka, ndipo Gidi anayambanso kubaya pamalo pomwe ankadziwa kuti palibe munthu. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa amanyaziwo anali pamtunda akupuma bwinobwino, kuunako kuli mwamuna wanga.

Tiwailesi timeneti tili ndi nzeru imodzi yomwe opanga anaikamo. Kakakhala pa kumvera koma mwini wake osagwedezeka kwa nthawi, kamaganiza kuti nayenso wakwiririka, ndiye kamabwerera kokha pa kuitana. Kajetan anali atauma pachikwama paja osasuntha ngakhale chala, moti kawailesi kake kanamuyesa munthu wofunika kufukulidwa. Kanalira kaye m'thumba muja kumuchenjeza, iye osamva. Tsopano kankaitana pafupi, mwamphamvu, n'kumeza kamawu ka Severin kochokera pansi.

"Kajetan, kawailesi kako kakuitana."

"Mlamu, musandiphunzitse ntchito yanga. Woyamba kutembenuza ndinali ine, nonse munaona."

"Ndati kakuitana. Tulutsa."

"Veit, tawachotsa mayiwa apa, mutu wawasokonekera."

Veit anachita kusuntha phazi limodzi kubwera kwa ine, ndipo phazi limenelo ndimalikumbukira nthawi zonse ndikamadutsa pa butchala yake. Sindinamudikire. Ndinagwira Kajetan pakhosi pa jekete, kupisa m'thumba, kusolola kawailesiko ndi chingwe chake, kukazimitsa, n'kumuponyera pachifuwa. Sanalimbane nane. Ankanunkha kachasu ndi thukuta.

Nthawi yomweyo kamuvi kanga kanatembenukira kumunsi, kuja kanaloza poyamba. Ndinathamanga, kugwa, kudzuka, kuthamanganso. Sindinkafuna kuganiza za mpweya umene unatha ife tikuzungulira munthu wamoyo, koma mutu unkauwerengera wokha. Manambala atafika pochepetsetsa ndinagwada, kukwawa kawailesi kali pachipale, kenako ndinalanda Gidi ndodo ija n'kubaya. Kuuma. Kubayanso, kuuma. Ndinasuntha pang'ono, ndipo ndodo inagunda chinthu chofewa. Kuya kwake kunali kofika pachifuwa panga.

Chipale cha chigumukire chikaima chimauma ngati simenti, moti tinkachita kuchidula zidutswa. Veit anakumba mwa misala, pamenepo ndimuyamikire, kapena ankakumba kuti akwirire phazi lija. Ine ndinkakumba ndikutukwana Severin, ndikumupempha, ndikulonjeza Mulungu zinthu zomwe sindingakwanitse. Ndinkamukonda munthu ameneyu. Ndinkakonda mmene amatenthetsera masokosi anga pachitofu m'mawa, mmene amaimbira molakwitsa akamameta ndevu. Ndinkati ndikamupeza atafa, ndiye kuti zonsezo wazisinthanitsa ndi kamzere koti anthu aloze ali pakhomo pa tchalitchi, koti mawa lake mphepo ifufute.

Tinayamba kuona chikwama, kenako phewa. Anali chafufumimba, mutu uli kumunsi. Ndinataya fosholo n'kukumba ndi manja, magolovesi atavuka kale, zala sindikuzimva. Milomo yake inali itada, m'kamwa modzaza chipale. Ndinachikolowola ndi chala, tinamutembenuza, ndinaika khutu pamphuno pake, osamva kanthu. Ndinamupumira m'kamwa, kumupumiranso, sindikudziwa kangati. Gidi anali atayamba kale kupemphera mokweza kumbuyo kwanga, ndipo ndinamuuza kuti akhale chete, munthuyu sanafe. Ndiye chifuwa cha Severin chinadumpha. Anakhosomola, kusanza madzi, n'kukoka mpweya ndi phokoso loipa, koma ine sindinamvepo lokoma ngati limenelo.

Ndinalira poyera. Ndinavula jekete langa n'kumufunditsa, ndinaika mutu wake pamiyendo panga, kumupukuta nkhope, kumuitana mayina omwe sindimuitana pagulu. Mtima wanga unkati basi, wabwerera, ndipo wabwerera atadzionera yekha. Ndinkati munthu amene walawa chipale m'mapapo safunanso kuuzidwa. Ndinayamba kale kuganiza za Lamulungu lotsatira, tili awiri m'khitchini, foni ya Kajetan ikulira osayankhidwa.

Kenako pankhope pake panagwa chithunzithunzi. Kajetan anali atatsika, ataima pamwamba pa dzenje, fosholo ili m'manja yopanda ngakhale kachipale. Helikopita inali itayamba kumveka m'chigwa, ndiye mawu ake nawonso anali atabwerera. Ankauza Gidi poti aime ndi mmene atambasulire manja kuti woyendetsa amuone.

Severin anatsegula maso. Anadutsa pankhope panga osaima, n'kukakhazikika kumtunda kwa dzenje. Milomo yake inavutika nthawi yaitali, ine n'kuwerama kuti ndimve.

"Akulu," anatero, "pepani. Ndinakhota mwamphamvu kwambiri. Ndakuonongerani chigwembe."

"Zimachitika, aise," anayankha Kajetan. "Chachikulu takupeza msanga."

Ndinadikira kuti Veit anenepo kanthu. Veit ankapukuta fosholo yake ndi mkono wa jekete, kuipukuta mbali zonse ziwiri. Severin anatulutsa dzanja m'jekete langa n'kulikwezera mmwamba, Kajetan n'kuwerama kuligwira.

Ndinanyamula mutu wake n'kuuika bwinobwino pachikwama. Jekete ndinamusiyira, chifukwa munthu wozizidwa samulanda chofunda. Helikopita itatera, dokotala anamupima, kumumanga pamachira, n'kutiuza kuti apulumuka ndithu. Kenako anati m'ndegemo muli malo a munthu mmodzi, ndipo anafunsa kuti wachibale wake ndani.

Apa m'pamene Severin anandiyang'ana. Ine ndinaloza Kajetan, n'kuwerama kumanga matabwa anga.